Musagwetse Nyumba ya Amayi

Thamesmead, London
11 Febuluwale 1996

Okondedwa Amake Chiyamiko,

Moni wochokera kutali. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana athu Chiyamiko ndi Sekani. Ine ndili bwino, kungoti chisanu cha kuno chandilowa m'mawondo, moti ndikamakwera masitepe ndimalira ngati chitseko chopanda mafuta.

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndada nkhawa kumva kuti amayi anga akutsokomolabe mpaka kuleka kupita kudimba. Chonde apititseni kuchipatala. Musamvere zawo zija zoti "ine ndatha kale, musanditayire ndalama." Akhala akutha kale chiyambire ine ndili mwana. Ndatumiza kangachepe kudzera mwa a Mable, anamwino a ku Romford aja, amene akubwera kwawo ku Dedza kudzapuma milungu iwiri. Muyambe fizi ya Chiyamiko, yotsalayo mankhwala ndi sopo.

Ntchito yotsuka mbale ndinasiya. Rogers, mnzanga wa ku Lusaka amene ndimakhala naye fulati imodzi, wandipezera ina ya zomangamanga ku Lewisham. Kuseri kwa msika kuli holo yakale ya njerwa zofiira, mmene anthu ochokera ku Ireland ankavinira Loweruka lililonse zaka makumi anayi zapitazo. Tsopano akufuna kuisandutsa nyumba ya zisudzo. Anthu a ku Ireland awa si Angelezi ayi, ndipo ukawatchula Angelezi amakuyang'ana ngati wawatukwana. Nawonso ndi obwera ngati ife tomwe, kungoti khungu limawabisa mpaka atatsegula pakamwa.

Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndisanaiyambe. Folomani anandipatsa nyundo yaikulu n'kunena kuti lero tikugumula. Ine, pofuna kuti andione kuti ndine wakhama, ndinasankha khoma lalikulu kuposa onse, lakutsogolo. Safunsa anadya phula. Nditangoti nditukule nyundoyo, ndinamva mfuu kumbuyo kwanga. Anali mayi wamfupi wovala chipewa cholimba ndi jombo zamatope, akuthamanga manja ali m'mwamba. Ndiye mwini mapulani onse, amene kuno amati akitekiti. Dzina lawo ndi a Orla Tiernan, amachokera ku Dublin, ndipo amakwera ndege kawirikawiri ngati akupita kumsika kwa Chimbiya. Anandilanda nyundo ija, anaika dzanja pakhomapo n'kunena kuti, "Ena onse gumulani, koma ili ndi limene tabwerera." Ndinaliyang'ana bwinobwino: lakuda ndi utsi, ming'alu mbwee, nkhunda zaipitsapo paliponse. Mumtima ndinati azungu ndalama zikawachulukira amapenga.

Za funso lanu loti ndibwera liti, Etta, ndiyankhe bwanji? Mukudziwa kuti chidindo cha m'pasipoti chija chinatha mphamvu kalekale. Kutuluka ndingathe ngakhale mawa, koma khomo la dziko lino ndikangotulukira silidzanditsegukiranso, ndipo ana atsala ndi zaka zambiri pasukulu. Izi zikhale za ife awiri.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa amalume a Jailosi.

Ndine mwamuna wanu,
Felton


Thamesmead
24 Malichi 1996

Amake Chiyamiko,

Sindikudziwa poyambira. Ndikufunseni za moyo monga masiku onse? Ndikudziwa kuti simuli bwino, nanenso sindili bwino.

A Mable analandira foni yochokera ku Dedza ndipo anabwera okha kudzandiuza. Pamene ndimamva, amayi anali ataikidwa kale. Ndinakhala pabedi osalira, ndikungoyang'ana nsapato zanga. Rogers anaphika, sindinadye. M'mawa mwake ndinakwera basi kupita kuntchito, chifukwa m'fulati muno mulibe pokhalira maliro. Palibe khonde, palibe wobwera kudzakhala nawe chete, ndipo oyandikana nawo sadziwa ngakhale dzina langa.

Kuntchito kuli mkulu wina womanga njerwa, a Dinny Galvin, wopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Anabwera ku London ali mnyamata ndipo kwawo sanapondekonso. Ataona nkhope yanga anakafunsa Rogers. Kenaka anavula chipewa, anaitana anzawo onse a ku Ireland, ndipo anabwera pamzere kudzandigwira chanza mmodzimmodzi, aliyense akunena kuti pepani ndi zovutazi. Etta, apo m'pamene ndinalira, pamaso pa azungu, wilibala ili pambali. Anthu awa maliro amawadziwa.

Zikomo chifukwa chowasamala amayi mpaka mapeto. Munabwera pamudzi pathu ngati mtengwa, koma mwachita zimene ine wobadwa m'mimba mwawo ndalephera. Mundilembere zonse. Ananena chiyani? Ananditchula kodi? Musandibisire poopa kundipweteka.

A Mable akuti nyumba ya amayi aitseka, ndipo idzagwetsedwa pa kumeta kwachiwiri mu Seputembala, monga mwa mwambo wathu. Ndikudziwa kuti ndi mmene timachitira, nyumba ya malemu siitsala. Ya agogo ndinagwetsa nawo ndili mnyamata, osaganiza kanthu. Koma nditamva za iyi mtima unandipweteka mwachilendo. Ndikangotsinzina ndimaiona, ndi mpando wawo uja pakhonde.

Wanu wachisoni,
Felton


Thamesmead
5 Meyi 1996

Okondedwa Amake Chiyamiko,

Muli bwanji ndi ana? Ine ndili bwinoko, mawondo asiya kudandaula poti kwayamba kufunda. Ndakondwa kumva kuti chimanga chachita bwino. Musafulumire kugulitsa kwa mavenda, amenewo amabwera akumwetulira mu Meyi ndipo mu Januwale amatigulitsa chomwecho ali ndwii. Mtedza mugulitse wochepa chabe.

Kalata yanu yonena za masiku omaliza a amayi ndaiwerenga kambirimbiri. Zikomo. Sindinenapo zambiri lero.

Ndikuuzeni za ntchito, chifukwa pali chimene ndikufuna mumve. Denga la holo ija tinachotsa, makoma atatu anapita. Latsala lakutsogolo lokha, litagwiriziridwa ndi zitsulo ngati nkhalamba ya ndodo ziwiri. Tsiku lina kunabwera akuluakulu a komiti, eni ake a holoyo, ndipo anakangana tili pomwepo. Ena amafuna zonse zigwe pamangidwe chinyumba cha magalasi okhaokha. Ena amafuna holoyo ibwerere mmene inalili, ipakidwe penti wobiriwira, pamakoma ajambulepo azeze a kwawo. A Orla anawakanira onse. Anati kumanga chatsopano n'kuchiveka zovala za chakale ndi bodza, ndipo iwo sanakwere ndege kudzanama. Anatinso sangagwetse khoma limene anthu anatsamirapo podikira akazi amene anadzawakwatira. Mkulu wina amene amalongolola kwambiri anati iyenso anatsamirapo.

Mmene akufunira ndi chonchi. Kutsogolo kudzakhala chipinda cha magalasi, ndipo khoma lakale lidzaima mkati mwake, loonekera kwa aliyense wodutsa mumsewu, ming'alu yake osaibisa. Matabwa a pansi amene ankavinirapo tinawazula limodzilimodzi, zipsera za zidendene zikuonekabe, ndipo ndiwo adzakhale siteji. Mipando idzazungulira mbali zitatu, chifukwa akuti kumidzi kwawo woimba sankaima patali, anthu ankamuzinga m'khitchini mpaka kumva mpweya wake. Denga ndi lachitsulo, lamakono zedi. Pansi padzayalidwa miyala yakuda yochokera kwawo ku Kilkenny, imene ukaiyang'anitsitsa umaonamo tizigoba ta nkhono.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti chitsulo chatsopano sichikhudza khoma lakale. Amasiya mpata wolowa zala ziwiri kuyambira pansi mpaka pamwamba. Nditafunsa, a Orla anati njerwa ndi chitsulo zimafutukuka mosiyana kukatentha, ndiye zikagwirana china chimasweka. Anatinso amafuna munthu aziona pamene chakale chathera ndi pamene chatsopano chayambira. Ndinawauza kuti kwathu mkamwini ndi apongozi ake amakhala chomwecho, mudzi umodzi koma osagundana. Anaseka mpaka chipewa chinagwa. A Dinny nawo akundiphunzitsa kumata njerwa zakale ndi laimu. Akuti simenti ndi yaliuma, imaswa njerwa zokalamba m'malo mozigwira.

Tsono Etta, ndaganiza. Khoma la nyumba ya amayi loyang'ana kum'mawa, lija ankalitsutsuta okha chaka ndi chaka ndi dothi lofiira ndi lakuda la kudambo, zala zawo zikuonekera, bwanji limenelo lisagwe? Atatu enawo agwetse, udzu wa denga atenthe ngati mwambo ukufuna. Ine ndidzamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata mozungulira, khomalo likhale mkati, pabalaza. Pitani kwa amalume mukawafotokozere modekha. Ngati za khoma limodzi sakuzimvetsa, auzeni kuti nyumba yonse idikire kufikira ine nditabwera. Musagwetse nyumba ya amayi ine ndisanaione.

Ndine wanu,
Felton


Thamesmead
30 Juni 1996

Amake Chiyamiko,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo ana akufunda mokwanira, poti Juni wa ku Dedza ndimamudziwa. Kuno ndi chilimwe, dzuwa limakana kulowa mpaka munthu utadya n'kutsuka mbale. Ine ndili bwino.

Kalata yanu yandikwiyitsa, osati ndi inu koma ndi abale anga. Amalume akuti ndadya za azungu zandizunguza mutu, ndipo mzimu wa amayi sungapume nyumba yawo ili chiimire. Amalume omwewo amene denga la nyumbayo likudontha sanabwerepo ndi mtolo wa udzu, lero ndi amene akuwadera nkhawa amayi? Nanga azakhali akuti ndinu mwandinyengerera kuti mulande malo, poti ndinu mtengwa. Zopusa zimenezo. Mwati amayi ena asiya kukuyankhani moni kumjigo, ndipo ku chigwirizano munakhala benchi lanu nokha. Pirirani, pakamwa pa anthu pamatopa.

Mwati Sekani akuopa kudutsa pafupi ndi nyumbayo, amazungulira kukhola popita kusukulu. Mwana wamwamuna! Muuzeni kuti agogo ake sanaopsezepo munthu ali moyo, ayambe lero? Za chiswe ndi khoma lotsamira ndamva. Mupeze munthu aikepo mitengo iwiri yogwiriziza, ndipo padenga muyalepo pepala lapulasitiki. Ndatumiza ya zimenezo.

Ndinawauza a Orla za maganizo angawa, ndikuyesa akondwa kuti apeza wophunzira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa kuti, "Nanga amene adzagone m'nyumbamo akuti chiyani?" Ndinati mwini wake ndine. Iwo anati, "Iwe uli ku Lewisham, Felton." Anandiuza kuti asanajambule mzere ngakhale umodzi anatha nyengo yonse yachisanu akuyendera nkhalamba zimene zinkavina muholomo, ndipo ndi izo zinapempha kuti khomalo litsale. Anati zikanakana, bwenzi atandibwezera nyundo ija. Ndinangoti chabwino madamu, n'kunyamula ndowa yanga. Za kwathu angazidziwe bwanji?

Rogers nayenso walowererapo. Dzulo tikudya anati, "Boi, bamai bako sibali mu chipupa. Uvutisa chabe mukazi wako." Ndinamuuza kuti iye ndi wa m'tauni, wobadwira m'nyumba ya lendi, asandiphunzitse za mudzi. Mpaka pano sitikulankhulana bwino.

Mlungu watha anthu ena a boma ofufuza mapepala a obwera anafika pamalo ena omanga chapafupi ndi ife, ndipo anyamata atatu a ku Ghana sanabwererenso. Ine ndinakhala m'nyumba masiku awiri, ndinati ndikudwala mutu. Palibe kanthu, musadandaule.

Ndanena ndanena, nyumbayo isagwe. Ndinu mkazi wa mwana wawo woyamba, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya.

Felton


Thamesmead
11 Ogasiti 1996

Okondedwa Etta,

Muli bwanji? Ndikufunsa moona, chifukwa chiyambire Juni sindinalandire kalata yanu. Tsiku lililonse ndikabwera kuntchito ndimayamba ndayang'ana pansi pa chitseko, ndimangopeza mapepala a magetsi. Mlungu watha m'pamene kanabwera kakalata ka Chiyamiko. Akuti mwaonda, simukupitanso kutchalitchi, ndipo mwanena kuti mukufuna kupita kwanu ku Lobi. Sananene kuti kukacheza kapena kukakhala, ndipo ine ndikuopa kufunsa.

Ndili ndi nkhani ya a Dinny, mkulu womanga njerwa uja. A Orla ankafuna munthu wodziwa miyala kuti apite nawo ku Kilkenny akasankhe yoyala pansi, ndipo anatchula a Dinny. A Dinny anakana, anati msana, anati mphaka wawo adyetsa ndani. Potsiriza anapita, ulendo woyamba kuponda kwawo patapita zaka pafupifupi makumi anayi. Miyala itasankhidwa, anakwera basi okha kupita kumudzi kwawo, kuzambwe, kudera lotchedwa Mayo.

Anabwerako Lolemba ali munthu wina. Nthabwala zonse zii, laimu amangosakaniza osaimba. Lachitatu pa nthawi ya tiyi anandiitana kuti tikhale pa mulu wa matabwa, ndipo anandiuza okha osawafunsa.

Mayi awo anamwalira iwo atatha zaka zinayi ku London. Kumaliro sanapite, ndalama inalibe, kenaka manyazi. Analembera mlongo wawo, a Bridie, kuti nyumba ya mayi asaikhudze mpaka iwo atabwera. Mlongoyo anamvera. Chaka ndi chaka ankaipaka njereza, kufolera pamene pavunda, kutsegula mawindo kuti mulowe mphepo, m'nyumba yopanda munthu. Mwana wake wamwamuna atakula anapempha kuti agwetse amangepo yake, chifukwa ndi malo okhawo ouma pamunda wawo, kwina konse ndi lowe. Mayi ake anakana, anati amalume ako anati idikire. Mnyamatayo anakwera ndege kupita ku America ndipo ali komweko.

"Ndinaipeza, Felton," anatero a Dinny. "Denga linagwera mkati. Pamene mayi ankaphikira pamera mtengo wautali kuposa nyumbayo. Ndinaima pakhomo osamva kanthu, inali miyala basi."

Mlongo wawo uja, a Bridie, a Dinny anakawapeza kunyumba yosungirako okalamba, maso atachita khungu. A Bridie anawapapasa kumaso n'kunena kuti, "Wabwera kudzaona nyumba yako? Unalemba kuti nyumba ikudikire. Za ine sunalembe kanthu."

A Dinny anamwa tiyi wawo atazizira kale. Kenaka analoza khoma lathu lija ndi chibwano. "Ili tikulisunga chifukwa anthu adzalowa n'kulidutsa tsiku lililonse," anatero. "Lija la kwathu ndinalisunga kuti ndisapite. Nyumba ili chiimire ndinkatha kudziuza kuti ndikubwera." Atatero anaimirira n'kubwerera ku njerwa zawo, za ine sanatchulepo ngakhale liwu limodzi.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.  Ndilembereni, Etta, ngakhale mzere umodzi wondikalipira.

Mwamuna wanu,
Felton


Thamesmead
18 Ogasiti 1996

Etta,

Ndikhulupirira muli moyo ndipo mukadali pamudzi. Sindinadikire yankho lanu, chifukwa Seputembala wayandikira ndipo makalata amachedwa.

Nyumba igwe. Mitengo yogwiriziza ija chotsani, pulasitiki mufunditsire nkhokwe. Musasunge kanthu chifukwa cha ine, ngakhale chidina chimodzi.

Ndalembera amalume kalata yawoyawo. Ndawapepesa chifukwa cha mawu anga, ndipo ndawauza kuti maganizo onse aja anali anga ndekha, inu munangotumidwa ngati mmene mkazi aliyense akanatumidwira. Ndawapempha aiwerenge mokweza azakhali ali pomwepo, ndi aliyense amene anakumanani moni. Ndinakuuzani kuti mupirire nkhonya pamene mutu wanga unali kuno, kutali ndi nkhonyazo. Pepani, Etta.

Yambani kukonza chimera. Mbuzi yaikazi yakuda ija musaphe, ili ndi bere, mugule ina kwa a Newton a kutsidya. A Mable ali ndi munthu wobwera kumeneko sabata yamawa, adzakupatsani ya shuga, mchere ndi zina zofunika. Mundiuze msanga tsiku limene amalume asankha, chifukwa nanenso ndikufuna kumetedwa tsiku lomwelo. Sekani muuzeni kuti sanalakwe kuopa.

Za ku Lobi sindikuletsani. Ngati mwatopa pitani mukapume kwa amayi anu mwambo ukatha. Koma mubwereko.

Wanu,
Felton


Thamesmead
27 Okutobala 1996

Okondedwa Amake Chiyamiko,

Kalata yanu yafika, masamba atatu athunthu, ndipo masamba awiri ndi ondikalipira. Ndawalandira onse ndi manja awiri. Ndakondwa kuti muli bwino, kuti ku Lobi munangokhalako sabata imodzi, ndi kuti azakhali anabwera okha kudzabwereka sefa. Azakhali kupepesa kwawo n'komweko, musayembekezere kwina. Ine ndili bwino, chisanu chayambanso.

Mwati khomalo silinavute, atangochotsa mitengo ndi kulikankha pang'ono linagwa lokha, mkati monse muli chiswe. Ndawerenga pamenepo kangapo. Ndinalira, sindibisa, koma usiku umenewo ndinagona tulo timene sindinagonepo chiyambire Malichi.

Tsiku la kumeta nanenso ndinametedwa. Rogers anandikhazika pampando m'khitchini m'mawa, thaulo m'khosi, n'kundimeta mpala ndi lezala. Anandicheka kawiri, akuti ndiko kulipira kwa mawu ndinamunena aja. Tili mkati tinamva kugogoda. Anali a Dinny, atakwera mabasi awiri, atavala suti yakuda ndi tayi. Sindinawaitane, anangomva kwa Rogers. Anakhala pakona chipewa chili pabondo mpaka tinamaliza, anamwa tiyi, n'kumapita.

Nyumba ya zisudzo yatsala pang'ono kutha. Lachisanu amayesa magetsi, ndipo a Orla anati antchito tonse tikhale pamipando tione chimene tamanga. Anaitananso nkhalamba zija zinkavinamo. Zinalowa pa chitseko cha galasi, zikuponda miyala yakuda ya kwawo, ndipo zitafika pakhoma lakale pafupifupi aliyense analigwira podutsa, monga umagwirira phewa la mnzako pamsika. Mayi wina wa ndodo anakwera pasiteji, anayang'ana matabwa aja, anapatsa mdzukulu wake ndodoyo n'kuponda masitepe angapo a gule wawo. Tinaomba m'manja, ngakhale folomani amene sasekerera munthu. Potuluka ndinaima kutsidya kwa msewu. Kunja kunali kutayamba kuda, ndipo kudzera m'magalasi khomalo limaoneka lonse, ndi ming'alu imene ndinamata ndi manja anga. Ndi lokongola, Etta, ndipo ndi lawo. Iwo anali ndi chifukwa cholisungira, ifenso tinali ndi chathu chogwetsera.

A Orla ali ndi ntchito ina kwawo, ku Galway, yosandutsa nyumba yakale yosungiramo tirigu kukhala ya zisudzo. Folomani akutenga anthu ake ndipo wanditchula. Akuti ndi zaka ziwiri, malipiro abwinoko, ndipo pa sitima ya pamadzi safunsafunsa za mapepala. Ndinapempha sabata kuti ndiganize. Ndinadziuza kuti zaka ziwiri si kanthu, Sekani adzakhala atayandikira sekondale. Kenaka ndinakumbukira kuti pochoka kumudzi ndinakuuzaninso kuti zaka ziwiri.

Ndakana. Ndagula tikiti ya pa 12 Disembala, yopita yokha, ndipo mukudziwa tanthauzo lake. Fizi ya Chiyamiko mpaka folomu 4 ndasunga. Ya Sekani ndidzaifuna ndi manja, poti tsopano ndimatha kumanga, ndipo ku Dedza ndi ku Lilongwe anthu sanasiye kufuna nyumba. Tidzavutika, sindikunamizani. Shuga wa tsiku lililonse muyambe kumuiwala. A Dinny nditawauza anangondigwira mkono mwamphamvu mpaka kupweteka. Chisudzo choyamba chidzaonetsedwa mu Januwale, ine kulibe, ndipo Rogers walonjeza kuti adzandilembera ngati denga likudontha.

Pamene panali nyumba dzalanipo chimene mukufuna, mvula isakupitirireni chifukwa chodikira ine. Chimodzi chokha ndikupempha. Auzeni amalume akandipemphere kwa amfumu njira ya kumanda, tsiku lomwelo lofika. Ndisanalowe m'nyumba, ndisanamwe ngakhale madzi, ndikufuna ndikawauze amayi ndi pakamwa panga kuti mwana wawo wabwera, ngakhale wachedwa.

Ndine mwamuna wanu,
Felton